Mpweya wolowetsedwa dala: mbiri ya regulator ya makina okamira ng'ombe

Aliyense amene analowapo m'nyumba yokamira ng'ombe ndi makina, kaya ku Waikato m'dziko la New Zealand kaya ku Cork m'dziko la Ireland, amakumbukira maphokoso atatu. Kuseri kwa khoma pampu imalira mosalekeza. Pafupi ndi ng'ombe ma pulsator amagunda thi-thi, thi-thi, pafupifupi ka 60 pa mphindi. Ndiye pali phokoso lachitatu, la tsiii, lochokera pa kachipangizo kokhala pamwamba pa paipi yaikulu, lomwe limakula ndi kuchepa malinga ndi zimene okama akuchita. Mlendo amayesa kuti paipi yabooka. Paipiyo ndi yabwinobwino. Kachipangizoko ndi regulator, ndipo ntchito yake ndi kulowetsa dala mpweya m'paipi imene pampu ikulimbana ndi kuichotsa mpweya.

Olemba mbiri ya makina okamira amakonda kutamanda makapu ovala ku nkhumbu ndi ma pulsator, ndipo salakwa. Koma ine ndimaona kuti kachipangizo kolira tsiii kaja sikapatsidwa ulemu wokwanira. Makina otha kukoka mkaka m'bere anapangidwa msanga. Chimene chinadya zaka zoposa 100, n'kupweteketsa ng'ombe zosawerengeka, chinali kupeza njira yoti makinawo azikoka ndi mphamvu imodzimodzi kuyambira ng'ombe yoyamba mpaka yomaliza. Yankho lake linadzapezeka pa kachimbale kofewa ka mphira kotchedwa diaphragm.

Gwero la nkhaniyi lili pa chinthu chimene anthu anachedwa kuchivomereza, choti mpweya umalemera. Mu 1643, ku Florence, Evangelista Torricelli anadzaza chubu chagalasi ndi mercury n'kuchizondotsa m'mbale ya mercury yemweyo. Mercury anatsika pang'ono n'kuima pa masentimita pafupifupi 76, ndipo kumtunda kwa chubu kunatsala malo opanda kanthu. Torricelli anati chimene chikumugwira mercuryyo kuti asatsike ndi kulemera kwa mpweya umene ukupanikiza m'mbale. Mu 1648 Blaise Pascal anapempha mlamu wake, Florin Périer, kuti akwere ndi chubu chotere phiri la Puy de Dôme ku France. Pansonga pa phiri mercury anatsika ndi masentimita pafupifupi 8 kuyerekeza ndi m'munsi. Zinaonekeratu kuti pamene pali mpweya wochepa pamwamba pako, kupanikiza kwake kumachepanso.

M'zaka za m'ma 1650, Otto von Guericke, meya wa mzinda wa Magdeburg ku Germany, anapanga pampu yochotsa mpweya. Anaphatikiza mbale ziwiri zamkuwa zooneka ngati zibanthu za mpira, n'kupopa mpweya wa m'kati, ndipo mahatchi 16, ena 8 uku ena 8 uko, anavutika kuzilekanitsa. Atatsegula kampopi kuti mpweya ulowe, mbalezo zinalekana zokha. Phunziro lake ndi limene makaniki aliyense wa makina okamira amayambira mpaka lero: malo ochotsedwa mpweya, otchedwa vacuum, sakoka chinthu, mpweya wakunja ndiwo umakankha. M'mphepete mwa nyanja yamchere mpweya umakankha ndi mphamvu ya 101 kPa, zomwe zikufanana ndi kulemera kwa kilogalamu imodzi pa sikweya sentimita iliyonse. Makina okamira amachotsa pafupifupi theka la mphamvuyi m'mapaipi awo. Akati vacuum ili pa 50 kPa, akunena kusiyana kwa mpweya wakunja ndi umene watsala m'paipi. Kampopi ka Guericke kanasonyezanso kuti njira yofulumira yochepetsera vacuum ndi kulowetsa mpweya.

Chubu cha mercury chimayeza bwino, koma sichingatsegule valavu, ndipo sichingakhale m'khola. Panafunika chinthu cholimba chimene chingamve kusintha kwa mpweya n'kusuntha. Mu 1844 Lucien Vidie wa ku France analembetsa luso la barometer yopanda mercury: kabokosi kachitsulo kopyapyala, kochotsedwa mpweya, komwe chivindikiro chake chamakwinya chimalowa ndi kutuluka mpweya wakunja ukasintha, n'kusuntha muvi. M'zaka zomwezo ku London opanga mamita a gasi wowunikira m'misewu ndi m'nyumba anayamba kugwiritsa ntchito zikopa zofewa zopopedwa ndi gasiyo. Mu 1844 momwemo Charles Goodyear analandira chiphaso cha njira yophikira mphira ndi sulufule kuti isamate kukatentha kapena kuuma kukazizira. Zinthu zitatuzi sizinapangidwire ng'ombe, koma ndizo zinabala diaphragm imene tikuidziwa lero, yomwe ilinso m'kati mwa regulator ya pa silinda ya gasi wophikira.

Ubwino wa diaphragm ndi wosavuta kuuwerengera. Ndi chimbale chofewa chomangidwa mwamphamvu m'mphepete, cholekanitsa zipinda ziwiri. Mbali imodzi kuli mpweya wakunja, mbali inayo kuli vacuum. Mphamvu imene chimbalecho chimamva ndi kusiyana kwa mbali ziwirizo kuchulukitsa ndi kukula kwake. Pa 50 kPa, sikweya sentimita iliyonse imakankhidwa ndi theka la kilogalamu. Diaphragm ya masentimita 10 m'mimba mwake ili ndi masikweya sentimita pafupifupi 78, choncho imakankhidwa ngati yasenzetsedwa makilogalamu pafupifupi 40. Vacuum ikasintha ndi 1 kPa yokha, katunduyo amasintha ndi magalamu pafupifupi 800, okwanira kusuntha valavu. Pisitoni ingachitenso zomwezo, koma pisitoni imakhula m'mbali, imafuna mafuta, imadontha mpweya ndipo fumbi likalowa imakakamira. Diaphragm siikhula pena paliponse. Imangopinda.

Alimi a m'zaka za m'ma 1800 sankaganiza zonsezi. Vuto lawo linali manja. Ng'ombe imakamidwa kawiri pa tsiku, Lamulungu ndi Khirisimasi yomwe, ndipo anyamata ndi atsikana a kumidzi ya ku Britain ndi America anali kuthamangira kumafakitale. Oyamba kufuna njira yachidule ankalowetsa timachubu tachitsulo m'kabowo ka nkhumbu kuti mkaka uzingotuluka wokha. Timachubuto tinkavulaza nyama ya m'kati ndi kulowetsa majeremusi, ndipo mawere ambiri anaonongeka. Kenaka kunabwera okoka ndi vacuum. Mu 1860 L. O. Colvin wa ku America analembetsa makina okhala ndi makapu ovala ku nkhumbu ndi pampu yopukusa ndi manja. Mu 1879 Anna Baldwin wa ku New Jersey analembetsa ake, chikho chachikulu champhira chovala bere lonse cholumikizidwa ku pampu yamanja. Pa makina ameneŵa mphamvu yokokera inkadalira mkono wa wopopa. Akatopa vacuum inkatsika, akachita changu inkakwera, ndipo kaŵirikaŵiri mkaka unkatuluka wosakanikirana ndi magazi.

Makina oyamba kugwira ntchito yooneka m'makola anachokera ku Scotland. Mu 1889 William Murchland, pulambala wa ku Kilmarnock, analembetsa makina okhala ndi pampu imodzi ndi paipi yoyenda m'khola lonse, ndowa ikulendewera pansi pa ng'ombe iliyonse. Munthu wozolowera mapaipi ameneyu anazindikira kuti vacuum iyenera kukhala ndi malire, koma makina ake ankakoka mosapumira. Nkhumbu yokokedwa mosalekeza imadzaza magazi ndi madzi am'thupi, imatupa, imauma gwa, ndipo kabowo kotulukira mkaka kamachepa. Thole likamayamwa silichita choncho: limakoka, kumeza, kufinya ndi lilime, n'kukokanso. Mu 1895 Alexander Shiels, dokotala wa ku Glasgow, anatulutsa makina otchedwa Thistle, omwe vacuum yake inkakwera ndi kutsika motsatizana kuti nkhumbu izipumako. Ng'ombe zinapeza mpumulo, koma kukwera ndi kutsikako kunkachitika m'njira yomweyo yodutsa mkaka, moti mkaka unkakhavukira uku ndi uku m'machubu ovuta kutsuka, ndipo sunkachedwa kusasa.

Mfundo inamasulidwa ndi Alexander Gillies, mlimi wa ku Terang m'chigawo cha Victoria ku Australia, mu 1903. Kapu yake inali ya zipinda ziwiri: kunja chigoba cholimba, m'kati chovala champhira chimene nkhumbu imalowamo. Kunsi kwa nkhumbu vacuum imakhala yosasintha. Pakati pa mphira ndi chigoba ndi pamene pulsator imasinthanitsa vacuum ndi mpweya wakunja. Pakakhala vacuum mbali zonse ziwiri mphira imatseguka ndipo mkaka umatuluka. Pakalowa mpweya mphira imafwamphuka n'kufinya nsonga ya nkhumbu, kubweza magazi kumtunda. Pafupifupi makina onse okamira a lero, ngakhale maloboti amene kampani ya Lely inayamba kuika m'makola a ku Netherlands mu 1992, amatsatabe njira imeneyi.

Koma taonani chimene kapu ya Gillies inabweretsa. Tsopano chilichonse chinayamba kudalira vacuum ya m'paipi: ndiyo imagwira makapu kuti asagwe, ndiyo imatsegula kabowo ka nkhumbu, ndiyo imapatsa mphira mphamvu yofinyira, ndiyonso imanyamula mkaka kupita kundowa. Ikakwera kwambiri nsonga za nkhumbu zimachita zikang'a ndi kung'ambika, ndipo ng'ombe imayamba kuponda ikangoona makapu. Ikatsika kwambiri makapu amatsetsereka kapena kugwera m'ndowe, ndipo kukama kumatenga nthawi yaitali. Mpata wa pakati pa ziwirizi ndi wochepa. Kwa zaka zambiri alimi a ku Britain ankaloweza nambala imodzi, mainchesi 15 a mercury, omwe ndi pafupifupi 50 kPa. Makina atafala, makamaka pamene Norman Daysh wa ku New Zealand anathandiza kampani ya De Laval kutulutsa ake cha mu 1917, ndi pamene Herbert McCornack anapanga ndowa ya Surge mu 1922, funso linakhala lakuti ndani adzaigwira nambalayo kuti isasunthe.

Pampu payokha siingathe. Pampu ya vacuum yoyenda pa liwiro limodzi imakokolola mpweya wofanana pa kuzungulira kulikonse, osadziwa chimene chikuchitika m'khola. Chonsecho mpweya wolowa m'mapaipi umasintha nthawi zonse. Pulsator iliyonse imalowetsa wake pa kugunda kulikonse. Pa kachikho kosonkhanitsa mkaka wa nkhumbu zinayi pali kabowo kakang'ono kolowetsa malita 4 mpaka 12 pa mphindi kuti mkaka uyende. Wokama akamaveka makapu, mpweya umalowa phwii. Ng'ombe ikaponda makapu n'kugwa pansi, malita mazanamazana amalowa pa mphindi. Kukakhala kuti makapu onse ali m'malo, pampu yosaletsedwa ingakweze vacuum kufika poopsa. Nzeru imene akatswiri anagwirizana inali iyi: gulani pampu yaikulu kuposa imene makina akufuna, ndipo mpweya wotsalawo ulowe kudzera pa valavu imodzi yodziyendetsa yokha. Makina akafuna wambiri valavu itseke pang'ono, akafuna wochepa itseguke. Mpweya wolowa pa regulator ndiwo nkhokwe ya makinawo. Tsiii uja akazimiratu pakati pa kukama, ndiye kuti nkhokwe yatha ndipo vacuum yayamba kugwa.

Ma regulator oyamba kufala anali a chitsulo cholemera. Mpweya wakunja umakankha valavu kuti itseguke, kulemera kwa chitsulo kumaigwira kuti itseke. Vacuum ikapitirira mlingo, mpweya umagonjetsa chitsulo, valavu imasuntha, mpweya umalowa. Ndi chipangizo choona mtima, ndipo ndimachilemekeza: kulemera kwa chitsulo sikutopa ndi zaka, ndipo wantchito wofuna kumaliza msanga sangakweze vacuum mwa kungopotokola sikuluwu. Zofooka zake zinali zina. Chinkayenera kuima chilili, osapendekeka ngakhale pang'ono. Chinkanjenjemera ndi kugunda kwa makina, moti ena ankamiza mbali yake ina m'mafuta kuti chidekhe. Fumbi la chakudya cha ng'ombe likamatirira pa valavu, chinkakakamira. Choposa zonse, valavu imodzi yomweyo inkagwira ntchito ziwiri, kuyeza vacuum ndi kulowetsa mpweya. Mpweya wothamanga podutsa pa valavu umasintha mphamvu imene valavuyo ikumva, choncho muyezo umasokonezeka pa nthawi imene ukufunika kwambiri.

Ma regulator a sipuling'i anali otchipa ndipo ankatha kuikidwa mopendekera kulikonse, koma anali ndi chilema chobadwa nacho. Sipuling'i ikamapanikizidwa imalimbalimba. Kuti valavu itseguke kwambiri pamafunika vacuum yokwerapo, ndipo ikamatseka vacuum imakhala yatsikapo. Mlimi amene anatchera makina ake pa 50 kPa makapu onse ali otseka ankapeza geji ikuloza pena pakati pa kukama.

M'khola la ng'ombe 10 zokamira m'ndowa, zimenezi zinkapiririka. Koma makola anakula. Mu 1952 Ron Sharp, mlimi wa ku Gordonton pafupi ndi Hamilton ku New Zealand, anakonza nyumba yokamira yokhala ndi dzenje pakati, ng'ombe zikuima mopingasa mbali zonse ziwiri, kuti munthu mmodzi azisamala makapu ambiri osawerama. Mu 1969 Merv Hicks wa ku Taranaki anamanga nsanja yozungulira imene ng'ombe zimakwera n'kumakamidwa ikuyenda. Ndowa zinachoka, mkaka unayamba kuyenda m'mapaipi ataliatali mpaka kuthanki. Tsopano kapu imodzi ikagwa kumapeto kwa mzere, ng'ombe zonse za pa paipiyo zinkamva.

Madokotala a ziweto anali atayamba kale kudandaula za mastitis, matenda otupitsa bere amene amaononga mkaka ndi kupha mbali ya bere. Mu 1967 ofufuza awiri a ku Moorepark pafupi ndi Fermoy ku Ireland, Nyhan ndi Cowhig, anasonyeza kuti ng'ombe zokamidwa ndi makina opanda nkhokwe yokwanira ya vacuum zinkagwidwa matendawa kuposa zinzake. Ku Shinfield pafupi ndi Reading, ku bungwe la National Institute for Research in Dairying, gulu la Thiel, Dodd ndi Neave linafotokoza njira yake. Kapu imodzi ikatsetsereka, mpweya umalowa mwaliwiro n'kuthamangira m'makapu enawo, utanyamula timadontho ta mkaka. Timadonthoto timamenya nsonga ya nkhumbu ndi mphamvu yotha kulowetsa majeremusi m'kabowo kamene kali kotseguka. Ngati nkhumbu imodzi ili ndi matenda, kapena ngati ng'ombe yapitayo inasiya majeremusi m'mphira, makina omwewo amawagawa. Apa tisakokomeze: gawo lalikulu la mastitis limachokera ku uve wa pogona, manja ndi nsalu zopukutira, osati ku makina. Komabe pa mfundo zisanu zothana ndi mastitis zimene zinachokera ku Shinfield kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, imodzi inali kuyeza ndi kukonza makina okamira nthawi ndi nthawi. Kusakhazikika kwa vacuum kunasiya kukhala nkhani ya makaniki yekha.

M'zaka za m'ma 1970 kunafala regulator ya mtundu watsopano, yotchedwa servo, imene inalekanitsa ntchito ziwiri zija, kuyeza vacuum ndi kulowetsa mpweya. Mapangidwe amasiyana malinga ndi kampani, koma ambiri amayenda motere. Muli ma diaphragm awiri. Yaing'ono ndi yoyeza: kachubu kopyapyala kamaibweretsera vacuum kuchokera pa malo osankhidwa a paipi yaikulu, ndipo vacuumyo imalimbana ndi kasipuling'i kotcheredwa ndi sikuluwu. Diaphragm yaing'onoyi siinyamula valavu yaikulu. Imangosuntha kasingano kotseka ndi kutsegula kabowo kolowetsa mpweya m'chipinda china. Chipindacho chimakokedwa mpweya pang'onopang'ono nthawi zonse kudzera pa kabowo kena kopita kupaipi, ndipo khoma lake limodzi ndi diaphragm yaikulu, imene valavu yaikulu yamangiriridwako. Vacuum ya m'paipi ikakwera pang'ono chabe, diaphragm yaing'ono imakokedwa, kasingano kamatseka, vacuum ya m'chipinda imakwera, diaphragm yaikulu imanyamuka pamodzi ndi valavu, ndipo mpweya wakunja umakhamukira m'paipi. Kapu ikagwa n'kutsitsa vacuum, kasipuling'i kamabweza diaphragm yaing'ono, kasingano kamatsegula, mpweya umalowa m'chipinda, ndipo valavu yaikulu imatsika n'kutseka, kusiyira pampu mphamvu zake zonse kuti ilimbane ndi mpweya wolowa pa kapu yagwayo. Zili ngati mnyamata woyendetsa ngolo: katundu sakoka ndi iye, iye amangogwedeza chingwe, ng'ombe n'kukoka.

Apa ndi pamene pagona luso lonse. Popeza kasingano kamayenda mtunda wochepetsetsa, kasipuling'i sikapanikizika mokwanira kuti kasinthe mphamvu yake, choncho chilema cha ma regulator a sipuling'i chimatsala pang'ono kutheratu. Popeza mphamvu yonyamulira valavu ikuchokera ku mpweya wakunja wokankha diaphragm yaikulu, valavuyo ingakhale yaikulu yolowetsa malita masauzande pa mphindi popanda chitsulo cholemera. Ndipo popeza kachubu koyezera kangalumikizidwe patali ndi valavu, muyezo umatengedwa pamalo odekha, osati pakati pa chimphepo cholowa. Palibe waya wamagetsi, palibe batire. Chipangizochi chimatenga mphamvu ku vacuum yomweyo imene chikuilamulira.

Kukhala ndi regulator yabwino sikunathetse mavuto nthawi yomweyo, chifukwa ambiri ankaiika polakwika. Makaniki ankakonda kuimangirira pafupi ndi pampu, kutali ndi okama, pofuna kuwapulumutsa ku phokoso. Koma mpweya ukamayenda m'paipi yaitali, yopyapyala kapena ya makona ambiri, vacuum imasiyana pakati pa mbali ziwiri. Regulator inkagwira bwinobwino nambala ya pamene yaikidwa, uku kumene kuli ng'ombe vacuum ikugwa. Ofufuza monga Graeme Mein wa ku Australia ndi Douglas Reinemann wa ku yunivesite ya Wisconsin ku Madison analimbikira kuphunzitsa kuti muyezo uzitengedwa pafupi ndi mtsuko wolandira mkaka, ndi kuti kukulitsa pampu sikuchiza paipi yopyapyala. Malamulo a ISO 5707 ndi ISO 6690, amene anatuluka koyamba mu 1983 n'kukonzedwanso mu 1996 ndi 2007, anaika zimenezi m'manambala. Pa kukama kwa masiku onse, vacuum ya pa mtsuko wolandira mkaka isasunthe kupitirira 2 kPa. Nkhokwe yotayika chifukwa chakuti regulator sinatsekeretu isapitirire malita 35 pa mphindi kapena gawo limodzi mwa magawo 10 a nkhokwe, potengera chimene chili chachikulu. Ndipo pamene mkaka ukutuluka kwambiri, vacuum ya kunsi kwa nkhumbu ikhale pakati pa 32 ndi 42 kPa. Kukhazikika kumeneku ndi kumene kunalola makola okhala ndi paipi ya mkaka yodutsa m'munsi kutsitsa vacuum kuchoka pa 50 kufika cha m'ma 42 mpaka 44 kPa, zomwe nkhumbu zimalandira bwino.

Ulendo wa Périer pa phiri uja uli ndi phunziro kwa ife a kuno kumtunda. Alimi ambiri a ng'ombe zamkaka ku Thyolo, Chiradzulu, Lilongwe ndi Mzuzu amakama ndi manja n'kupititsa mkaka kumalo osonkhanitsira, koma mafamu ena ali ndi makina, ndipo makinawo amabwera ndi manambala oyezedwa m'mphepete mwa nyanja yamchere. Lilongwe ali pa mamita pafupifupi 1,050, pamene mpweya umakankha ndi 89 kPa osati 101. Regulator siisokonezeka ndi zimenezi, chifukwa diaphragm imayeza kusiyana ndi mpweya wa pamalo pomwepo. Imene imavutika ndi pampu. Pa vacuum ya 50 kPa, m'paipi ya kunyanja mumatsala 51, pamene ya ku Lilongwe mumatsala 39 yokha, choncho pa kuzungulira kulikonse pampu imakokolola mpweya wochepa ndipo nkhokwe imachepa. Pampu yokwanira ku Beira ingathe kuperewera ku Dedza.

Si regulator iliyonse ya vacuum imene imalowetsa mpweya. Pali mtundu wina umene umakhala pakati pa pampu ndi chipangizo chogwiritsa ntchito, n'kumatsina njira. Diaphragm yake imamva vacuum ya mbali ya chipangizo. Vacuumyo ikafika pa mlingo wotcheredwa, diaphragm imakoka valavu n'kutseka njira yopita kupampu, ndipo ikatsika sipuling'i imatsegulanso. Wotere ndi amene amamangiriridwa pakhoma m'zipatala zokhala ndi paipi ya vacuum, pamwamba pa botolo lokokera makhololo ndi magazi. Paipi ya m'khoma imakoka mwamphamvu yoti ingang'ambe nyama ya pakhosi, ndiye namwino amapotokola kachitsulo mpaka geji iloze mlingo woyenera, womwe kwa khanda lobadwa kumene ndi pakati pa mamilimita 80 ndi 100 a mercury (mmHg). Mtundu umenewu suwononga mphamvu ya pampu, ndipo umalola anthu ambiri kugwiritsa ntchito pampu imodzi aliyense pa mlingo wake. M'khola sunakhale wofala chifukwa kumeneko mlingo ndi umodzi kwa onse, ndipo pampu zambiri zokamira zimatentha zikamanidwa mpweya wodutsamo.

Mtengo wa njira yolowetsa mpweya umaoneka pa bilu ya magetsi. Pampu imathamanga ndi mphamvu zonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngakhale kuti nthawi zambiri gawo lalikulu la mpweya umene ikukoka ndi wolowa pa regulator. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, akatswiri a ku yunivesite ya Cornell ku New York, motsogozedwa ndi David Ludington, anayesa njira ina: kachipangizo kamagetsi kayeze vacuum, ndipo mota ichepetse kapena kuwonjezera liwiro la pampu molingana ndi mpweya umene ukufunika. M'makola akuluakulu njirayi inadula magetsi a pampu ndi theka, pena kuposa, ndipo phokoso linachepa. Komabe diaphragm sinachoke. M'kati mwa tizipangizo tambiri toyezera tamagetsi muli ka diaphragm kakang'ono ka silikoni kapena chitsulo, komwe kupinda kwake kumasandutsidwa magetsi. Ndipo m'makola ambiri otere regulator ya servo imasiyidwa pa paipi, itatcheredwa pamwamba pang'ono pa mlingo wokamira, kuti zamagetsi zikalephera vacuum isakwere ng'ombe zili ndi makapu.

Kumene makola ndi aang'ono, kumene magetsi amabwera mosadalirika kapena pampu imayendetsedwa ndi injini ya petulo, regulator ya diaphragm ndiyo ikugwirabe ntchito yonse, ndipo ndimaona kuti ndi yoyenera malo otere kuposa china chilichonse. Zofuna zake ndi zochepa, koma sizinyalanyazika. Mpweya wonse wolowa umadutsa pa sefa, ndipo m'khola la fumbi la madeya sefayo imatsekeka msanga, vacuum n'kuyamba kukwera mwakachetechete. Kachubu koyezera kakabooka kapena kudzaza madzi, regulator imayeza bodza. Mphira imakalamba, imauma, imachita ming'alu. Inu amene muli ndi makina otere, kapena mukuganiza zogula, yang'anani geji musanaveke kapu yoyamba ndiponso pakati pa kukama, tsukani sefa mwezi uliwonse, ndipo kamodzi pa chaka itanani woyeza makina adzayeze nkhokwe ya vacuum ndi kusintha diaphragm ngati yauma.